Mwana akatukwana mnzake kusukulu, chilango chomukwana ndi chiti?

Tiyerekeze ana atatu, onse alankhula mawu amodzimodzi, amuuza mtsikana wa mkalasi mwawo kuti "hule iwe".

Woyamba ali ndi zaka 6, mawuwo wawatola penapake, kaya mumsewu kaya pa foni ya mkulu wake, wakawayesa mkalasi waona anzake aseka aphunzitsi atutumuka, kwa iye zakoma basi, mutamufunsa kuti hule ndi chani angokuyang'anani kapena anena kuti ndi munthu woipa. Wachiwiri ali ndi zaka 11, amasewera mpira pa buleki, mtsikana wamulanda mpira anzake akuona, manyazi amugwira nde mawu atuluka limodzi ndi mkwiyo, kamodzi kokha. Wachitatu ali ndi zaka 15, tanthauzo akulidziwa bwinobwino, ndipo wakhala akumunena mtsikana mmodzi yemweyo kwa miyezi iwiri, polowa mkalasi, potuluka, mpaka pa gulupu ya WhatsApp ya kalasi, chifukwa choti anamufunsira nkukanidwa.

Sukulu ikakhala ndi lamulo loti wotukwana aliyense akakhale kunyumba masiku atatu, ana atatuwa alandira zofanana. Kwa wazaka 6 uja imeneyo ndi nkhanza, kwa wazaka 11 zapyola pang'ono, koma kwa wazaka 15 uja ndi holide chabe, akabwerako anzake akumulandira ngati dolo ndipo mtsikana uja akudziwa kuti tsopano ziyipiraipira poti wamuneneza.

Mawu oipa ndi oipa ndithu, sindikuwachepetsa ayi, koma chilango sichiyezedwa ndi kununkha kwa mawu okha. Pali msinkhu wa mwana, pali zoti akudziwa chomwe wanena kapena ayi, pali zoti ndi koyamba kapena kakhumi, pali wonenedwayo kuti zamufika pati, komanso ngati wonenayo ali ndi mphamvu kuposa mnzake, kaya yathupi kaya ya gulu lomwe limamuchemerera. Dan Olweus, katswiri yemwe anagwira ntchito zaka zambiri ku Bergen ku Norway ndipo anayamba kufufuza zopezerera anzawo m'masukulu m'ma 1970, ankasiyanitsa kukangana kwa ana ofanana mphamvu ndi kupezerera, ndipo chosiyanitsa chake ndi ziwirizi, kubwerezabwereza ndi kusiyana mphamvu. Wazaka 11 uja wakangana. Wazaka 15 uja akupezerera. Mankhwala ake sangafanane.

Kungozisiya

Iyi ndi njira yomwe palibe sukulu imailemba pa pepala koma ndi yomwe imagwiritsidwa ntchito kwambiri. "Ndi ana awa." "Anyamata ndi choncho." Kapena ija yondinyansa kwambiri, "usadandaule, akukufuna ameneyo." Ubwino wake ndi umodzi, phunziro silidukiza, mphunzitsi sataya nthawi. Nthawi zina kusapanga phokoso pa kamwana kakang'ono komwe kakungofuna kuti muzikayang'ana kumathandizadi, koma kusapanga phokoso si kusalankhula, kamwanako kamafunikabe kuuzidwa.

Kuipa kwake kunaoneka bwino ku England. Mu June 2021 bungwe loyendera masukulu la Ofsted linatulutsa lipoti litayendera masukulu ndi makoleji 32 nkucheza ndi ana oposa 900, ndipo mwa omwe anayankha mafunso, atsikana 92 pa 100 alionse ndi anyamata 74 pa 100 alionse anati kutchulana mayina onyoza okhudza ukazi kumachitika kawirikawiri kapena nthawi zina, kwa iwo eni kapena kwa anzawo. Ana ambiri sankanena nkomwe kwa aphunzitsi poti ankaona kuti ndi za tsiku ndi tsiku, unene chani. Mpaka Ofsted inauza akuluakulu a masukulu kuti azichita zinthu ngati kuti zikuchitika pasukulu pawo ngakhale palibe wabwera kudzadandaula. Nde mukamva ahedi akuti pasukulu pathu pano izi kulibe, palibe amene wadandaulapo, mudziwe kuti buku lopanda madandaulo silitanthauza kuti ana sakutukwanana.

Ndipo mphunzitsi akamva mawu oterewa nkupitiriza kulemba pa bolodi ngati sanamve, waphunzitsa ndithu phunziro, osati kwa wotukwana yekha koma kwa atsikana onse mkalasimo, kuti apa mulibe wokuimirani. Ku America zinafika mpaka kukhothi lalikulu mu 1999, pa mlandu wa Davis ndi Monroe County Board of Education wa ku Georgia, pomwe mtsikana wa ku pulayimale anavutitsidwa ndi mnyamata wa mkalasi mwake kwa miyezi, mayi ake akudandaula, sukulu osachitapo kanthu kooneka. Khothi linati sukulu yomwe ikudziwa koma nkungotayirira dala ikhoza kuimbidwa mlandu. Koma chosangalatsa nchakuti khothi lomwelo linanenanso kuti kunyogodolana wamba ndi kutchulana mayina kwa ana pakokha sikufika pamenepo, ziyenera kukhala zazikulu, zosalekeza, zomulepheretsa mwana kuphunzira. Oweruza nawonso anaona kuti pali masitepe.

Ndodo

Apa sindikhalitsa. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la mu 1989, ndime 28, limati mwambo pasukulu uzisungidwa molemekeza umunthu wa mwana, ndipo mayiko ambiri analetsa kukwapula m'masukulu, Sweden inaletsa m'masukulu mu 1958 ndipo mu 1979 inakhala dziko loyamba kuletsa ngakhale kunyumba. Elizabeth Gershoff ndi Andrew Grogan-Kaylor mu 2016 anasonkhanitsa kafukufuku 75 wokhudza ana oposa 160,000, wonena za makolo omenya ana awo, ndipo anapeza kuti kumenya kumayendera limodzi ndi ana aukali ndi osamvera, osati ofatsa. Ndodo imatseka pakamwa pamaso panu, zimenezo ndivomera, koma taganizani chomwe mukuphunzitsa mnyamata yemwe mlandu wake ndi wopondereza wofooka, inu wamkulu mukumumenya iye wamng'ono. Kenako akakamupeza mtsikana uja panjira abwezera pa iye. Amene amati popanda ndodo sukulu singayende aone ku Uganda, m'boma la Luwero, komwe bungwe la Raising Voices linayesa pulogalamu yake ya Good School Toolkit m'kafukufuku wa masukulu a pulayimale 42, zotsatira zake zinatuluka mu 2015 ndipo kumenya ana komwe aphunzitsi amachita kunatsika ndi 42 pa 100 alionse.

Kumuchititsa manyazi pagulu, ndi chibalo

Kumuimika kutsogolo ku asembule, kumuuza abwereze mawu aja pamaso pa sukulu yonse, kumugwaditsa, kumupachika chikwangwani pakhosi. Anthu ambiri amaona ngati izi ndi chilungamo poti naye wachititsa mnzake manyazi, alawe. Vuto loyamba ndi mtsikana uja, mwangolengeza kwa sukulu yonse dzina lomwe ananenedwa, omwe sanamve amva tsopano, ndipo dzinalo limukakamira iye kuposa mmene chilango chimukakamirire mnyamatayo. Vuto lachiwiri, kwa ana ena kuima kutsogolo ndi siteji, akumwetulira anzake akuseka pansipansi. John Braithwaite wa ku Australia analemba mu 1989 za manyazi a mitundu iwiri, ena amauza munthu kuti wachita choipa koma ndiwe wathu bwerera, ena amamuuza kuti ndiwe woipa basi, ndipo achiwiriwa amamukankhira munthu kwa anzake ena otayidwa komwe khalidwelo limatamandidwa.

Chibalo cha ntchito, monga kusesa kapena kukolopa, chilibe nkhanza ngati zinazi bola chisakhale chopyola mphamvu za mwana kapena chomudyera nthawi ya phunziro, koma sichigwirizana ndi mlandu. Mwana wakolopa khonde lonse, chabwino khonde lawala, nanga za atsikana waphunzirapo chani? Ndipo samalani ndi zomwe ena amachita, kumupatsa mnyamata ntchito yomwe amaitcha yachikazi kuti amve kuwawa, pamenepo mwangomutsimikizira kuti kukhala mkazi ndi chilango.

Kudzudzula pomwepo, kenako kucheza naye pambali

Iyi ndi njira yotchipa kwambiri ndipo kwa ine ndi yomwe imagwira ntchito yaikulu, koma ndi yovuta chifukwa imafuna kuti muzichita nthawi zonse, ngakhale mwatopa, ngakhale wanenayo ndi mwana wanzeru yemwe mumamukonda, ngakhale ndi mwana wa mphunzitsi mnzanu. Mwamva mawu, mwaima, mwanena mwachidule kalasi yonse ikumva kuti mawu amenewo ndi onyoza atsikana ndipo muno sitilankhula choncho, tionane tikamaliza, basi phunziro lipitirire. Masekondi khumi. Osakalipa kwa theka la ola, osamufunsa pagulu kuti unaziphunzira kuti, osabwereza mawuwo. Ndipo tchulani chomwe chalakwika, musangoti "siya phokoso" kapena "siya mwano", chifukwa mukatero mwasandutsa kunyoza mtsikana kukhala kusokoneza kalasi, ngati kuti wolakwiridwa ndi inu.

Cesare Beccaria wa ku Italy analemba kale mu 1764 kuti chomwe chimaletsa anthu kulakwa si kuopsa kwa chilango koma kudziwa kuti chibwera ndithu ndipo chibwera msanga. Ankanena za akuluakulu ndi makhothi koma aliyense amene anaimapo kutsogolo kwa ana 40 akudziwa kuti mkalasi ndi chimodzimodzi. Sukulu yomwe imalekerera kasanu ndi kanayi kenako kakhumi nkuchotsa mwana, ana amaiona ngati juga, lero aphunzitsi adzuka bwanji.

Pambali paja ndi pomwe mumadziwa kuti muli ndi mwana uti mwa atatu aja. Mufunseni, mawuwa akutanthauza chani? Wazaka 6 akalephera kuyankha, muuzeni molingana ndi msinkhu wake kuti ndi mawu opweteka omwe anthu amanyozera atsikana ndi amayi, ndipo nkhani ithere pomwepo, mmera mpoyamba. Koma apa pali chinthu choti aphunzitsi asachiphonye, kamwana kakang'ono kakamalankhula zogonana mwatsatanetsatane, zomwe msinkhu wake sungadziwe, funso loyamba si chilango ayi, funso ndi loti kakuona chani kapena kakuchitidwa chani. Zimenezo zipite kwa amene amaona zoteteza ana pasukulupo. Komanso alipo ana ochepa omwe ali ndi vuto la Tourette lomwe ena mwa iwo limawatulutsitsa mawu oipa osafuna, ndi ena omwe amangobwereza zomwe amva osazimvetsa, amenewa kuwalanga ngati anachita dala ndi kulakwa.

Kufooka kwa njirayi nkwakuti kwa wazaka 15 uja ndi mphepo chabe. Avomera, apepesa ndi nkhope yofatsa, mawa ayambiranso. Nde lembani. Tsiku, mawu, ananenedwa ndani. Popanda kulemba mphunzitsi wa masamu akuganiza kuti ndi koyamba, wa Chingelezi nayenso akuganiza kuti ndi koyamba, pomwe mwana wafika kachisanu ndi chiwiri.

Kumutsalitsa, kumulanda udindo

Kachiwiri kachitatu, kapena koyamba koma mwana wamkulu wodziwa chomwe akunena, apa mpomwe pamafunika chinachake chomupweteka pang'ono. Kutsala anzake akaweruka kapena pa buleki, kuphonya masewero amodzi kapena awiri a timu, kulandidwa ukapiteni kwa kanthawi. Ubwino wake mwana sataya phunziro ndipo chilango chili ndi malire, chimatha. Wazaka 11 uja yemwe anatukwana pa mpira, kukhala panja masewero awiri kukugwirizana ndi mlandu wake ndipo akumva chifukwa chake.

Koma kutsala kongokhala phee kuyang'ana khoma, kapena kulemba "sindidzatukwananso" ka 200, ndi kutaya nthawi ya onse awiri. Nthawi imeneyo igwire ntchito. Alembe kuti chinachitika nchani iye asanatukwane, amafuna chani, mnzakeyo anamva bwanji, ndipo mawuwo chifukwa chani alibe mnzake wachimuna wolemera chimodzimodzi. Funso lomalizali limawagwira anyamata ambiri, amayamba kusakasaka mawu oti angamunenere mnyamata nkupeza kuti ambiri mwa iwo amanyozabe mkazi, kaya mayi ake kaya kumufanizira ndi mtsikana. Ndisaiwale, atsikana nawo amatchulana mayina omwewa, ndipo mnyamata wouzidwa kuti "ukulira ngati mkazi" nayenso wanyozedwa mwanjira yomweyo, lamulo liwakhudze onse mofanana.

Kuwakhazika pansi kuti wolakwa akonze

Masiku ano njira iyi yatchuka, wolakwa amve kuchokera kwa wolakwiridwa mmene zinamupwetekera, avomere, agwirizane chochita kuti akonze. Ikayenda bwino imaposa zonse, chifukwa mwana wazaka 11 kumva mnzake akuti kuyambira tsiku lija ndimaopa kubwera ku mpira, zimamulowa kuposa ulaliki wa ahedi. Umboni wake ulipo koma si wa zozizwitsa. Ku Pittsburgh ku America bungwe la kafukufuku la RAND linafufuza masukulu 44, theka akugwiritsa njirayi theka ayi, ndipo lipoti la mu 2018 linaonetsa kuti masiku otayika chifukwa cha sasipenshoni anatsika ndi 16 pa 100 alionse, aphunzitsi anati pasukulu pakukhalika bwino, koma ana a magiredi 6 mpaka 8 zotsatira za maphunziro awo zinatsikako. Ku England kafukufuku wa masukulu a sekondale 40 yemwe anatuluka mu magazini ya Lancet chaka chomwecho anapeza kuti patatha zaka zitatu kupezererana kunatsika, koma pang'ono. Zaka zitatu, osati sabata imodzi aphunzitsi atabwera ku semina.

Pomwe njirayi imaonongekera ndi apa. Mphunzitsi waitana onse awiri, "iwe pepesa, iwe mukhululukire, gwiranani chanza, pitani." Kumeneko si kukonza, ndi kutseka faelo. Mtsikana wakakamizidwa kukhululuka pamaso pa wamkulu, ndipo kawirikawiri amafunsidwanso kuti nanga iwe unamuputa chani, zikatero mlandu wagawidwa pakati. Kwa wazaka 15 uja ine sindingayerekeze nkomwe kumukhazika mtsikanayo chipinda chimodzi ndi iye pokhapokha mtsikanayo atafuna yekha, ndipo akakana pasakhale womunena kuti ndi wouma mtima. Mnyamatayo akhoza kukonza osakumana naye, alembe kalata yomwe mtsikanayo ali ndi ufulu woiwerenga kapena kuitaya, achotse zomwe analemba pa gulupu, anene pomwepo pa gulupu kuti zinali zabodza.

Gulupu ija isaiwalike. Pulogalamu ya KiVa ya ku Finland, yomwe Christina Salmivalli ndi anzake ku yunivesite ya Turku anaikonza ndipo inafalikira m'dziko lonselo kuyambira 2009, inatsamira pa mfundo yoti wopezerera amadya kuseka kwa oonerera. Mukalanga mmodzi nkusiya khumi omwe ankaika timaemoji toseka, mwathyola nthambi basi. Sindikuti alangidwe onse, chilango cha kalasi yonse chimangopangitsa kuti amude wodandaulayo, koma acheze nawo ndithu.

Makolo

Kuitana makolo ena amakuwerenga ngati chilango chachikulu, ine ndimakuona ngati kudziwitsana, ndipo kuchitike msanga zisanakule. Tsamba likagwa manyazi agwira mtengo, nde kholo limabwera litakonzeka kale kumenya nkhondo, "mwana wanga sangatero", "mtsikanayo ndi wotani kaye". Muwauze mawu enieni omwe ananenedwa, tsiku lake, kangati, osati zoti mwana wanu ndi wopanda khalidwe. Zinthu ziwiri zoti muziyembekezere, pena mupeza kuti mawuwo ndi omwe bambo amawanenera mayi kunyumba, nde musadalire kuti kumeneko kuchokera thandizo, pena mukudziwa kuti mwanayo akakafika akamenyedwa koopsa, pamenepo ganizani kawiri za mmene mufotokozere. Ndipo makolo a wonenedwayo nawo auzidwe, amaiwalika kwambiri amenewa, amangomva mwana wawo akuti sakufunanso sukulu.

Sasipenshoni ndi kuchotseratu

Apa mpomwe anthu amagawanika. Ena amati sukulu isamanyengerere, wanena mawu onyoza akazi apite kwawo basi. Maganizo amenewa anayesedwa kale mokwanira ku America. Lamulo la mu 1994 la Gun-Free Schools Act linkafuna kuti mwana wobwera ndi mfuti kusukulu achotsedwe kwa chaka, zomveka, koma masukulu anatenga mzimu womwewo nkuufalitsa pa chilichonse, mwano, ndewu zazing'ono, mawu. Mu 1996 ku North Carolina kamnyamata ka zaka 6 kanalangidwa pa mlandu wozunza mtsikana chifukwa kanapsompsona mnzake patsaya, nkhani inamveka dziko lonse anthu nkumaseka, ndipo choipa cha milandu yotere nchakuti imapatsa mphamvu aja amati zonsezi ndi kukokomeza, mtsikana wovutikadi akabwera samumveranso. Mu 2008 gulu lomwe bungwe la American Psychological Association linakhazikitsa linafalitsa zomwe linapeza litaunika zaka pafupifupi 20 za malamulo osanyengererawa, ndipo silinapeze umboni woti amapangitsa masukulu kukhala otetezeka kapena a mwambo. Ku Texas lipoti la mu 2011 linatsatira ana pafupifupi 1 miliyoni, pafupifupi 6 mwa 10 alionse anaimitsidwapo kapena kuchotsedwa kamodzi kapena kuposa pakati pa giredi 7 ndi 12, ndipo mwa olangidwa chonchi 31 pa 100 alionse anabwereza kalasi poyerekeza ndi 5 okha mwa osalangidwa. Inde, ana omwe amaimitsidwa ambiri amakhala kuti anali kale ndi mavuto, koma kuwatumiza kunyumba sikunawachepetsere mavutowo.

Nde kodi sasipenshoni ndi yosafunika? Ayi, apa ndimasiyana ndi anzanga ena ofatsa kwambiri. Wazaka 15 uja, wachenjezedwa, watsalitsidwa, makolo abwera, akupitirizabe, kapena mawu asanduka kuopseza kuti ndikakupeza ndikuchita zakutizakuti, kapena wayamba kugwiragwira, kapena akufalitsa zithunzi, ameneyo achoke kaye. Osati chifukwa kunyumba akaphunzirako ulemu, sakaphunzirako, koma chifukwa mtsikanayo ali ndi ufulu wolowa mkalasi osanjenjemera, ndipo ana ena aone kuti pali mzere. Zina mwa zimenezi, monga kuopseza ndi zithunzi zamaliseche za mwana, zadutsa kale pa mwambo wa sukulu, m'mayiko ambiri ndi milandu ya apolisi.

Koma ichitike mwadongosolo. Khothi lalikulu la ku America pa mlandu wa Goss ndi Lopez mu 1975 linati ngakhale sasipenshoni ya masiku 10 kapena kuchepera, mwana auzidwe mlandu wake ndipo apatsidwe mpata wonena mbali yake. Ku England mwana sangaimitsidwe masiku oposa 45 m'chaka chimodzi cha sukulu, ndipo sasipenshoni ikapitirira masiku asanu, kuyambira tsiku lachisanu ndi chimodzi ayenera kupezeredwa kophunzirira. Mfundo yake ndi yoti kulanga mwana si kumulanda maphunziro. Pakati pa kutsalitsa ndi kutumiza kunyumba palinso njira ina yomwe masukulu ambiri amaidumpha, kumuchotsa mkalasi koma akhale pasukulu pomwepo, chipinda china, ntchito yake akulemba, wamkulu akumuyang'anira. Imafuna chipinda ndi munthu, nchifukwa chake imadumphidwa, koma imachotsa ka holide kaja.

Kuchotseratu ndi kwa pomwe zonse zalephera kapena pomwe mwana wina ali pangozi yeniyeni. Pa mawu okha, onenedwa kamodzi, ngakhale oipa chotani, ine sindikuona.

Nanga zonenedwa pa foni, kunja kwa sukulu?

Mlandu wa Mahanoy wa mu 2021 wa kukhothi lalikulu la ku America umathandiza kuona kusiyana. Mtsikana wa ku Pennsylvania analephera kulowa timu yaikulu ya ochemerera masewero, kumapeto kwa sabata ali kunja kwa sukulu anatukwana pa Snapchat, kutukwana sukulu, timu, zonse, sukulu nkumuimitsa kwa chaka mu timu yaing'ono yomwe analimo. Oweruza 8 mwa 9 anati sukulu inapyola. Koma anatinso sukulu ikhoza kulowererabe pa zakunja ngati ndi kuzunza kwakukulu kolunjika munthu kapena kuopseza. Ilo ndi lamulo la dziko limodzi, kwina malamulo ndi ena, koma nzeru yake ndi yogwira paliponse, kutukwana mumlengalenga chifukwa chokhumudwa ndi kwina, kumusankha mwana mmodzi nkumamutcha hule pa gulupu yomwe kalasi yonse ilipo ndi kwinanso, poti Lolemba m'mawa mwanayo akakhala pakati pa anthu omwewo omwe anawerenga.

Chomwe chimandidabwitsa nchakuti misonkhano yambiri ya chilango imathera pa mnyamata, masiku angati, asaine pati, abwere liti, mtsikana uja osatchulidwanso. Tsiku lobwerera likafika pakhale pokonzeka, amene asunthe mpando kapena kusintha kalasi ndi wolakwayo osati wodandaula, auzidwe momveka kuti kubwezera kulikonse, kaya kwa iye mwini kaya kudzera mwa anzake, ndi mlandu watsopano wokulirapo. Ndipo pakatha masabata awiri mphunzitsi mmodzi yemwe mtsikanayo amamukhulupirira amuitane pambali, popanda anzake kuona, amufunse ngati zasiyadi kapena wangosiya kunena.